Kuyeza Amayi Oyembekezera: Kodi Kuyeza Kopindulitsa Koposa Ndi Kuti?

Nkhani yokambidwa ndi Woyang'anira Zaumoyo kwa amayi a pa sikelo ya ana ku Makanjira, m'boma la Mangochi

Zikomo chifukwa chobwera ndi ana anu ku sikelo, ena kuchokera kugombe, ena kumidzi ya kumapiri kufupi ndi malire a Mozambique. Lero tikambirana za mwana amene sadabadwe. Ena mwa inu muli ndi pakati, ena mudzakhalanso napo, ndipo nonse muli ndi achemwali kapena ana aakazi amene mudzawalangiza.

Abale athu ambiri ali ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town. Kumeneko amamva kuti m'zipatala zolipira mayi amatengedwa magazi pamkono, nauzidwa ngati mwana ali m'mimbayo angabadwe ndi vuto lotchedwa Down syndrome. Tsono ena amafunsa kuti, nanga bwanji kuyeza kotere kulibe pa sikelo yathu ya boma? Kodi boma likutimana? Funsoli nlabwino, ndipo liyenera kuyankhidwa mosabisa mau. Koma tiyambe tadziwa vutolo.

KODI DOWN SYNDROME NCHIYANI?

Thupi la munthu lidapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timatchedwa maselo. M'kati mwa maselowo muli tinthu tonga ulusi, timene akatswiri amatitcha makromozomu. Timeneti ndito timasunga malangizo a kaumbidwe ka munthu: kutalika kwake, khungu lake, ngakhale mphuno yofanana ndi ya agogo ake. Munthu amakhala ndi makromozomu 46, oyenda awiriawiri. 23 amachokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Nthawi zina, pamene dzira la mayi kapena mbewu ya bambo ikukhwima, kagawidwe kake kamaphonyeka, ndipo mwana amalandira makromozomu atatu a nambala 21 m'malo mwa awiri. Onse pamodzi amakhala 47. Chimenechi ndicho Down syndrome.

Dokotala wa ku England, John Langdon Down, ndiye adalongosola maonekedwe a ana otere mu 1866, ndipo vutoli lidatenga dzina lake. Gwero lake lidadziwika mu 1959 ku Paris, pamene Marthe Gautier, Jérôme Lejeune ndi Raymond Turpin adawerenga makromozomu a anawo. Padziko lonse, mwa ana 1,000 obadwa, pafupifupi mmodzi amabadwa nalo. Sasankha mtundu: amabadwa mwa Ayao, Achewa, Amwenye ndi Azungu, kwa olemera ndi kwa osauka. Palinso mavuto ena a makromozomu a nambala 18 ndi 13, koma ngosowa kwambiri, ndipo ana ambiri obadwa nawo samaliza chaka.

Motero, amayi, mwana wotere sadalodzedwe. Bambo ake sadamkhwimire kuti aziphera nsomba zambiri kapena kuti golosale iyende. Sichili tsempho, sichili chilango, ndipo sichibwera chifukwa cha chakudya chimene mayi adadya kapena ntchito imene adagwira ali ndi pakati. Zonse zimakhala zitachitika kale pa tsiku limene mimba idakhala. Maanja ena adatha ndipo agogo ena adanamiziridwa ufiti pa nkhani imene palibe munthu adalakwapo.

Chodziwika bwino nchakuti vutoli limachuluka pamene zaka za mayi zikukwera:

Mayi wa zaka 25: pafupifupi mwana 1 mwa ana 1,200
Mayi wa zaka 35: pafupifupi mwana 1 mwa ana 350
Mayi wa zaka 40: pafupifupi mwana 1 mwa ana 100
Mayi wa zaka 45: pafupifupi mwana 1 mwa ana 30

Muonetsetse manambalawa musadachite mantha. Ngakhale pa zaka 40, amayi 99 mwa 100 amabereka ana opanda vutoli. Komanso amayi aang'ono nawo amabereka ana otere.

NJIRA ZOYEZERA

Kuyeza kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina kuli ngati kupeta pa lichero: kumapatula amayi amene angakhale ndi vuto, koma pamodzi ndi madeya pamagwanso maso a chimanga chabwino. Kwina ndi kotsimikiza, kumene kumanena zenizeni.

Njira yoyamba ndi yopeta. Mimba ikakhala ya pakati pa masabata 11 ndi 14, mayi amajambulidwa ndi makina oonera m'mimba kuti ayeze timadzi ta kumbuyo kwa khosi la mwana, ndipo amatengedwanso magazi. Njirayi imapeza pafupifupi ana 85 mwa ana 100 amene ali ndi vutoli. Koma imakayikiranso amayi 5 mwa amayi 100 alionse oyezedwa, ngakhale ana awo ali bwinobwino.

Njira yachiwiri ndi ija abale athu amaimva ku South Africa. Mu 1997 katswiri wina, Dennis Lo, adapeza kuti m'magazi a mayi woyembekezera mumayenda tizidutswa ta chibadwa cha mwana wake. Kuyambira mu 2011 zipatala za m'maiko olemera zidayamba kuyeza tizidutswato. Kuyezaku kumatheka kuyambira masabata 10, ndipo kumapeza ana 99 mwa ana 100 a Down syndrome. Komabe nakonso nkupeta chabe, ndipo mtengo wake umafika madola a ku America mazana angapo pa mayi mmodzi.

Njira yachitatu ndiyo yotsimikiza. Kuyambira masabata 15, dokotala amalowetsa jakisoni wautali pamimba, natenga madzi pang'ono a m'chiberekero kuti akawerenge makromozomu a mwana. Njirayi ili ndi choopsa chake: mwa amayi 200 oyezedwa chotere, mmodzi angathe kupita padera.

Chofunika kuchigwiritsa ndi ichi: mwa njira zitatuzi palibe imene imachiza. Palibe jakisoni, mbulu wa mankhwala kapena muzu wa sing'anga umene ungachotse kromozomu yoonjezerayo. Phindu la kuyezaku ndi kudziwiratu, kuti makolo akonzekere ndi kuti mwana akabadwire kumene kuli madokotala a ana.

MMENE MAIKO ENA AMAWERENGERA

Ngakhale maiko olemera amawerenga ndalama pa nkhaniyi. Kale, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ankangoyang'ana zaka za mayi, namayeza madzi a m'chiberekero a amayi achikulire okha. Njirayo inkapeza ana 30 okha mwa 100, popeza ana ambiri otere ankabadwa kwa amayi aang'ono amene sankayezedwa. Lero maiko adagawikana. Dziko la Belgium lidayamba mu 2017 kulipirira kuyeza kodula kuja kwa amayi onse. Dziko la England lidasankha zina: amayi onse ofuna amayamba ndi njira yoyamba, yotsika mtengo, ndipo kuyambira mu 2021 kuyeza kodula kumaperekedwa kwa okhawo amene apezeka kuti mwa ana 150 a amayi onga iwo, mmodzi kapena kuposapo angakhale ndi vutoli. Kupeta kawiri kotere kumasunga ndalama, ndipo kumachepetsa amayi obayidwa pamimba popanda chifukwa.

NANGA KWATHU KUNO?

M'zaka za 2018 ndi 2019, ndalama zonse za zaumoyo m'Malawi, kuphatikiza za boma, za maiko otithandiza ndi za m'thumba mwa anthu, zidali pafupifupi madola 40 pa munthu mmodzi kwa chaka chathunthu. Mtengo wa kuyeza kodula kwa mayi mmodzi ungathe kumeza gawo la anthu angapo la chaka chonse. Inu amayi mumadziwa bwino kawerengedwe kameneka. Mwezi wa Febuluwale, ndalama ikakhala yochepa, mumayamba kugula ufa ndi mchere, shuga amadikira. Simudana naye shuga, koma mumayamba ndi chimene chisunga moyo wa ana. Chimodzimodzinso Unduna wa Zaumoyo, kuyambira mu 2004, umakonza mndandanda wa chithandizo chofunika koposa chimene munthu aliyense ayenera kulandira mwaulere. Kuti kuyeza kulowe pa mndandandawo, payenera kuyankhidwa mafunso atatu:

1. Kodi vutolo nlofala pakati pa anthu athu?
2. Likapezeka, kodi pali mankhwala ake?
3. Kodi ndalama yomweyo ikadapulumutsa anthu angati tikadaigwiritsa ntchito pena?

Tiyeni tiyerekeze kuti tasonkhanitsa amayi oyembekezera 1,000 a kuno ku Makanjira, ndipo tawayeza ndi njira yoyamba ija. Amayi pafupifupi 50 adzauzidwa kuti mwana wawo akukayikitsa. Mwa amayi 50 amenewo, mmodzi kapena awiri okha ndiwo ali ndi mwana wa Down syndrome. Ena onsewo adzasowa tulo popanda chifukwa. Kuti atsimikize, ayenera kuyenda ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kukafika ku Mangochi boma, ndi ena pafupifupi 200 kukafika ku Blantyre. Banja lidzagulitsa mbuzi kapena ukonde kuti lipeze thiransipoti. Pomaliza pake, mwana mmodzi kapena awiri aja adzabadwabe monga adaumbidwira.

Tsopano tiyeze amayi omwewo chindoko. Kachipangizo koyezera nthendayi sikafika dola imodzi. Kamangofuna dontho la magazi a pachala, sikalira magetsi, ndipo zotsatira zimatuluka mayi asadanyamuke. Tiyerekeze kuti amayi 2 mwa 100 ali nacho chindoko, ndiye kuti tapeza amayi 20. Nthendayi imabisala, mayi osamva kupweteka kulikonse. Koma akapanda kuchizidwa, mimba zoposa theka zimatha moipa: kupita padera, mwana kubadwa wakufa, kubadwa masiku osakwana, kapena kubadwa wodwala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidawerenga kuti mu 2016 chindoko chidapha ana oposa 200,000 ali m'mimba kapena atangobadwa. Komatu mankhwala ake ndi jakisoni wa penisilini, wotsika mtengo. Mayi akabayidwa mimba ikadali yaing'ono, mwana amapulumuka. Ndalama yoyezera mayi mmodzi kuyeza kodula kuja ingathe kuyeza chindoko amayi mazana angapo. Apa ndiye pagona yankho la funso lathu. Boma lidayamba ndi kuyeza kumene kuli ndi mankhwala pambuyo pake.

ZIMENE MUMALANDIRA PA SIKELO YA AMAYI OYEMBEKEZERA

Kuyeza chindoko. Mukapezeka nacho, bambo nawonso abayidwe. Ngati ali kunyanja kapena ku Joni, alandire chithandizo musadakhalenso malo amodzi, kuopa kuti angakupatsireninso.

Kuyeza kachilombo ka HIV. Popanda mankhwala, ana 15 mpaka 45 mwa ana 100 obadwa kwa amayi amene ali ndi kachilomboka amakatenga. Mayi akamamwa ma ARV mokhulupirika, chiwerengerocho chimatsika osafika 5. Mu 2011 Malawi adakhala dziko loyamba kupereka mankhwalawa kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilomboka, ndipo maiko ambiri adatengera kwa ife.

Fansida ndi ukonde wa udzudzu. Nzeru ya Fansida idachokera m'boma lathu lomwe lino. Pakati pa 1987 ndi 1990, madokotala a Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi a bungwe la CDC la ku America adatsata amayi oyembekezera oposa 4,000 m'Mangochi, naona kuti tizilombo ta malungo timabisala m'nsengwa ndi kuchititsa kuti mwana abadwe wochepa thupi, makamaka pa mimba yoyamba ndi yachiwiri. Mu 1993 Malawi adatsogolera maiko onse popereka Fansida kwa amayi oyembekezera. Pambuyo pake, pakati pa 2003 ndi 2006, amayi 1,320 a pa chipatala cha Lungwena, panjira yathu yomweyi yopita ku boma, adathandiza kuonetsa kuti kumwa Fansida mwezi uliwonse kumateteza bwino kuposa kumwa kawiri kokha. Lero mumayamba kumwa miyezi itatu yoyamba ikatha, kamodzi pa mwezi, mosachepera katatu. Amayi amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku sapatsidwa Fansida.

Kuyeza kuchuluka kwa magazi. Kuno kunyanja malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba zimatha magazi. Mayi wochepa magazi akataya magazi pobereka, moyo wake umakhala pangozi. Imwani mibulu yoonjezera magazi tsiku lililonse, ndipo usipa, nyemba ndi masamba zisasowe m'mbale mwanu. M'mibuluyo muli mankhwala otchedwa folic acid. Mayi akayamba kuwamwa asadatenge pakati ndi m'mwezi woyamba, amapewa ulumali wina wobadwa nawo, uja mwana amabadwa ndi chotupa chotseguka pamsana. Uwu ndiwo ulumali umene tingaupewe ndi mbulu wa mtengo wochepa.

Kuyeza kuthamanga kwa magazi. Lamba wa pamkono uja amapeza nthenda imene imagwetsa mayi ngati wakhunyu. Mutu ukamawawa kwambiri, nkhope ndi manja zikatupa, kapena mukamaona chimbuuzi, musadikire tsiku la sikelo.

Katemera wa kafumbata, woteteza mayi ndi khanda.

Kujambula m'mimba. WHO idalangiza mu 2016 kuti mayi aliyense ajambulidwe kamodzi mimba isadafike masabata 24. Kujambula kamodziko kumagwira ntchito zingapo pa mtengo umodzi: kumanena masabata enieni a mimba, kumaonetsa mapasa, ndipo kumaulula ulumali wina waukulu. Funsani azamba kumene mungakajambulidwe.

UDINDO WANU

Kuyeza konseku kumapindula mayi akabwera msanga. Jakisoni wa chindoko wa pa miyezi itatu amapulumutsa mwana amene wa pa miyezi isanu ndi itatu angamupeze atafa kale. Malangizo a masiku ano ngakuti mayi aonedwe kasanu ndi katatu: koyamba miyezi itatu isadathe, kenaka pa masabata 20, 26, 30, 34, 36, 38 ndi 40.

Ndikudziwa kuti mwambo wathu umati mimba yaing'ono saulula, kuopa anthu oipa mtima. Ena a mimba yoyamba amadikira kuti mwambo wa litiwo uyambe wachitika. Mwambo sitikuunyoza. Bisirani anthu a pachitsime ngati mufuna, koma azamba musawabisire. Iwo adalumbira kusunga chinsinsi. Akulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Kwa inu amayi amene mwapitirira zaka 35 ndipo muli nawo kale ana okwanira, njira yotsika mtengo koposa yochepetsera mavuto a makromozomu ndi kulera. Kulera kumakutetezaninso ku kutaya magazi ndi ku kuthamanga kwa magazi, zimene zimachuluka pa mimba za kuukulu. Kambiranani ndi bambo, ndipo mubwere nawo. Ngati mudaberekapo mwana wa Down syndrome kapena wa ulumali wina, auzeni azamba pa ulendo woyamba kuti akutumizeni kwa dokotala. Banja limene lili ndi ndalama zake ndipo likufuna kuyeza kodula kuja, palibe woliletsa. Koma liyambe lafunsa dokotala mafunso awiri: tikapeza vuto tidzachita chiyani, ndipo kutsimikiza kwake tidzakuchitira kuti? Safunsa adadya phula.

Kumbukiraninso za msewu wathu. Nyengo ya mvula mitsinje imasefukira, ndipo galimoto imatha kuima tsiku lathunthu. Sungani kandalama ka thiransipoti mimba ikadali yaing'ono, ndipo mwezi wa chisanu ndi chinayi ukayamba, kadikireni pafupi ndi chipatala. Ndalama ya ulendo umenewo ndi yopindulitsa kuposa kuyeza kulikonse kodula.

MWANA AKABADWA NDI DOWN SYNDROME

Kawirikawiri azamba amazindikira mwanayo akangobadwa, popanda makina. Thupi lake limakhala lofewa, maso otsetsereka cha m'mwamba, pakati pa maso pophwatalala, lilime lokonda kutuluka, ndipo nthawi zina mzere umodzi wodutsa pachikhatho. Chizindikiro chimodzi chokha sichikwanira, choncho musamuweruze mwana wa mnzanu. Dokotala ndiye anene.

Apa ndi pamene ndalama ndi mphamvu zathu zimapindula. Pafupifupi theka la ana otere limabadwa ndi vuto la mtima. Mwana akamapuma mofulumira, akamatuluka thukuta poyamwa, milomo ikamada, kapena sikelo yake ikaima, apite naye msanga kuchipatala. Madokotala a ana ku Queen Elizabeth ku Blantyre amayeza mtima. Muyamwitseni modekha, pafupipafupi, pakuti amatopa msanga. Alandire katemera yense, chifukwa chibayo chimawagwira kawirikawiri. Ayezedwe makutu, maso ndi chithokomiro. Adzachedwa kukhala, kuyenda ndi kuyankhula. Ambiri amayenda atakwana zaka ziwiri kapena kuposapo. Koma adzayenda. Muziyankhula naye, muzimuimbira, asewere ndi anzake, ndipo musamutsekere m'nyumba alendo akabwera. Kumene ana otere amasamalidwa bwino, amaphunzira, amagwira ntchito, ndipo ambiri amafika zaka 60.

Mwana ameneyu ali ndi ufulu wopita ku sukulu ndi kuchipatala monga mwana wina aliyense. Lamulo loteteza anthu aulumali lidakhazikitsidwa mu 2012, ndipo mu 2024 lidalowedwa m'malo ndi lina latsopano. Lilipo bungwe la makolo a ana aulumali lotchedwa PODCAM, ndipo tsiku la 21 Malichi chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira anthu a Down syndrome. Mafumu, mashehe ndi abusa atithandize kudzudzula abambo othawa banja chifukwa cha mwana wotere. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

KUMBUKIRANI

1. Down syndrome si ufiti, ndipo palibe kholo limene lidalakwa.
2. Kuyeza kopindulitsa ndi kumene kuli ndi mankhwala pambuyo pake.
3. Yambani sikelo miyezi itatu isadathe, ndipo mubwere ndi bambo.
4. Musachoke pa sikelo musadafunse ngati mwayezedwa chindoko, HIV, kuchuluka kwa magazi ndi kuthamanga kwa magazi. Onetsetsani kuti zalembedwa m'buku lanu.
5. Imwani Fansida ndi mibulu ya magazi, ndipo gonani mu ukonde usiku uliwonse.
6. Mwana wobadwa ndi ulumali abwere ku sikelo mwezi uliwonse monga anzake.

Mau amenewa mukawafikitse kwa amayi amene sadabwere lero. Amene ali ndi funso afunse tsopano. Amene akufuna kufunsira padera, azamba ndi alangizi a zaumoyo ali pompano.